Ku Olivar Anthu Ankalimbirana Malo



Lero ndikutengerani ku tauni imene pamapu palibe. Dzina lake ndi Olivar. Ili m'mbali mwa nyanja yamchere, kufupi ndi mzinda wa Los Angeles ku California, m'dziko la America. Koma mutakwera ndege kukaifuna simungaipeze, chifukwa inamangidwa m'mutu mwa mlembi wina, mayi Octavia Butler, m'buku lawo lotchedwa Parable of the Sower limene linatuluka mu 1993. Nkhani ya m'bukumo imayamba mu July 2024. Pamene mayiwa ankalemba, chaka chimenecho chinali kutali kutsogolo. Ife tachidutsa kale.

America wa m'bukuli ndi dziko lophwasuka. Mvula imatha zaka osagwa, ndipo madzi akumwa ndi okwera mtengo kuposa petulo. Apolisi amabwera ukawalipira, ozimitsa moto chimodzimodzi. Amene amatifotokozera zonsezi ndi mtsikana wa zaka 15, Lauren Olamina, mwana wa m'busa wa mpingo wa Baptist. Kwawo ndi ku Robledo, m'kadera ka mabanja owerengeka kozunguliridwa ndi khoma. Mkati mwa khomamo anthu amalima timadimba kuseri kwa nyumba, amaphunzitsa ana awo okha, ndipo usiku amalondera mosinthana mfuti zili m'manja. Kunja kwa khoma kuli anthu ogona mumsewu, akuba, ndi ena omwa mankhwala amene amawapatsa chilakolako chotentha zinthu. Aliyense wa ku Robledo akudziwa kuti khomalo tsiku lina lidzagwa, kungoti sakonda kuzikamba.

Ndiye mu 2026 kumveka nkhani ya Olivar. Tauniyi inali ya anthu ophunzira, opezako bwino, ambiri mwa iwo azungu. Koma nyanja ikukwera, ikudya gombe pang'onopang'ono, madzi amchere akulowa pansi pa nthaka, ndipo misonkho ya anthu a m'tauniyo siingakwanitse kulimbana ndi zonsezi. Kubwera kampani yaikulu yotchedwa KSF, ya eni ake a ku Japan, Germany ndi Canada, n'kugula tauni yonse. Akuluakulu a Olivar avomera okha, popanda wowaloza mfuti. Kampaniyo ikulitsa makina ochotsa mchere m'madzi, ikonzekera kugulitsa madzi, magetsi ndi zokolola kudera lonselo, iika alonda ake a zida pazipata. Kenako ilengeza kuti ikufuna anamwino, aphunzitsi ndi ena odziwa ntchito zawo. Malipiro ndi ochepa, koma pali nyumba, pali chakudya, ndipo usiku munthu ungagone tulo osadzidzimuka.

Kunyumba kwa a Olamina kubuka mkangano. Mayi owapeza a Lauren, a Cory, akufuna kuti banja lonse lisamuke. Ndi mphunzitsi, ali ndi ana, atopa ndi mantha. Abusa akukana. Awerengetsa ndalama zimene kampani ikulonjeza, aona kuti sizingakwanire banja lawo ngakhale mwezi umodzi, ndipo akudziwa kumene njira imeneyi imathera: chosowacho udzatenga pangongole, ngongoleyo mwini wake ndi kampani yomweyo, ndipo tsiku limene udzafune kuchoka adzakuonetsa buku. Banja loyandikana nalo, la a Garfield, lilembera malo, litengedwa, ndipo galimoto yankhondo ya kampani ibwera kudzawanyamula pamodzi ndi mwana wawo Joanne, mnzake wapamtima wa Lauren.

Pano ndi pamene ndimawavulira chipewa mayi Butler. Mlembi wina akanalemba kuti abusa anali ndi nzeru, a Garfield anali opusa, nkhani n'kuthera pomwepo. Iwo sanatero. Pasanapite nthawi abusa aja asowa, anachoka kupita kuntchito osabweranso. Mu July 2027 khoma la Robledo ligwa, nyumba zonse zitenthedwa, anthu ambiri aphedwa usiku umodzi. Amene anakana ukapolo wa kampani anafera pakhomo pawo. Amene anaulandira anali kutali, amoyo. Bukuli silikuuza kuti usankhe chiyani. Limangokuonetsa kuti munthu amene waikidwa pakati pa moto ndi ngongole sanapatsidwe mwayi wosankha.

Lauren amakumbukira kuti agogo ake anasiya mabuku akale a nkhani zopeka za m'tsogolo, ndipo ambiri ankakamba za mizinda ya makampani yotereyi. Iye amaona kuti m'mabuku onsewo ngwazi yake imakhala munthu wochenjera amene amagonjetsa kampani kapena kuithawa, pamene m'moyo weniweni anthu amachita kupikisana kuti kampani iwalandire ndi kuwadyera masuku pamutu. Limodzi mwa mabuku a mtundu umenewo ndi The Space Merchants la Frederik Pohl ndi Cyril Kornbluth, la mu 1953. Mmenemo muli Mitchell Courtenay, bwana wolemba zotsatsa malonda ku New York, amene adani ake amuba, amusinthira nambala yomuzindikiritsa, n'kukamutaya pa munda wa kampani ya Chlorella ku Costa Rica ngati wantchito wamba wa pakontrakiti. Kumeneko aona ndi maso ake zimene malonda ake ankabisa. Chilichonse n'cholipira, ndipo zakudya zimene kampani imagulitsa kwa antchito zinapangidwa dala kuti ukadya ichi ulakelake chakumwa icho, ukamwa icho ulakelake ndudu, ukasuta ubwererenso poyamba paja. Tsiku lililonse limene wagwira ntchito, ngongole yake imakula. Koma Courtenay ndi bwana amene wagwa mwangozi, ndipo owerenga amadziwa kuti adzatulukamo. Anzake amene anawapeza kumeneko, obadwira momwemo, nkhani imawasiya komweko.

Mayi Butler anasankha kutionetsa mmodzi wa osiyidwawo. Lauren atathawa ku Robledo, akuyenda wapansi mumsewu waukulu kulowera kumpoto pamodzi ndi anthu ena othawa, akumana ndi mayi wina wachitsikana, Emery Tanaka Solis, ali ndi kamwana kake kakakazi, Tori. Mvetserani mbiri yake, chifukwa apa ndi pamene pagona nkhani yanga yonse.

Emery anakwatiwa ali ndi zaka 13. Iye ndi mwamuna wake ankagwira ntchito pa famu ina, ndipo moyo unkayendako. Kenako famuyo inagulitsidwa kwa kampani yaikulu ya zaulimi. Eni atsopanowo sankalipira ndalama zenizeni, ankapereka timapepala ta kampani timene sungagulire kanthu kwina kulikonse koma m'sitolo ya kampaniyo. Tizisakasa timene antchito ankagonamo kwaulere tinayamba kulipiridwa lendi. Chakudya ndi zovala zinayamba kugulidwa. Mitengo ya m'sitolo ankaika ndi kampani, malipiro ankaika ndi kampani, ndipo zinawerengetsedwa bwino lomwe kuti malipirowo azipereŵera pang'ono mwezi uliwonse. Mwamuna wa Emery anadwala, chithandizo panalibe, anamwalira. Ngongole yake inagwera mkazi wake. Tsiku lina anthu a kampani anabwera n'kutenga ana ake aamuna awiri, osamuuza kumene akupita nawo. Atafunsa kwambiri anamuopseza kuti amulandanso wamkaziyo. Ndiye anathawa usiku.

Taonani kuti m'nkhani yonseyi mulibe unyolo, mulibe msika wa akapolo wokhala ndi belu. Muli buku, cholembera ndi sitolo. Munthu mmodzi yemweyo ndiye wolemba ntchito, ndiye mwini nyumba, ndiye wogulitsa ufa, ndiye wokongoza, ndiyenso wosunga kaundula wa ngongole. Wantchito ali ngati mbuzi ya pachingwe m'dzinja: imayenda ndithu, imadya ndithu, koma malire a dziko lake ndi utali wa chingwe, ndipo wofupikitsa chingwecho ndi mwini chikhomo.

Ndipo kumbuyo kwa buku la ngongolelo kuli lamulo. M'nkhaniyi pulezidenti amene apambana chisankho cha 2024, Christopher Donner, alonjeza kuti abweza anthu pantchito poimitsa malamulo a malipiro ochepetsetsa, a chitetezo cha antchito ndi a zachilengedwe, kwa olemba ntchito amene angatenge anthu osowa pokhala n'kuwapatsa pogona ndi chakudya. Kumva kwake zikukoma. Koma pofika nthawi ya Emery, akuti lamulo likulola kuti munthu wangongole asachoke pantchito, agwiritsidwe maola ochuluka, alangidwe, agulitsidwe kwa bwana wina, ndipo ana alipire ngongole za makolo awo. Kampani payokha singamange munthu mpaka kalekale. Imafuna boma loti wothawayo likamugwira limubweze.



 Tsopano funso n'lakuti, kodi mayi Butler zimenezi anazitenga kuti?

Sanazilote ayi. Anabadwa mu 1947 ku Pasadena. Bambo awo, amene ankapukuta nsapato, anamwalira iwo ali aang'ono, ndipo mayi awo ankagwira ntchito ya m'nyumba za azungu. Ali mwana ankaperekeza mayi awo kuntchito n'kumaona akulowera khomo la kuseri. Atakula anatsukapo mbale, anagwirapo m'mafakitale, akumadzuka pakati pa usiku kuti alembe asanapite kuntchito. Ankadziwa kuti malipiro osafika kumapeto kwa mwezi amatanthauza chiyani. Ankadziwanso mbiri ya dziko lawo, ndipo mbiriyo ili ndi ma Olivar enieni.

Kuyambira mu 1880, George Pullman, mwini kampani yopanga mabogi a sitima ogonamo, anamanga tauni yake kummwera kwa Chicago n'kuitcha dzina lake lomwe. Inali yokongola, ya nyumba za njerwa, misewu yosesedwa, ndipo alendo ankabwera kudzaiona. Koma nyumba zonse zinali za kampani, ndi tchalitchi chomwe. Chuma chitagwa mu 1893, kampani inadula malipiro, lendi osaitsitsa. Mu May 1894 antchito ananyanyala, anzawo a m'njanji anawathandiza motsogozedwa ndi Eugene Debs, sitima zinaima m'madera ambiri, ndipo Pulezidenti Grover Cleveland anatumiza asilikali. Anthu anafa, Debs anamangidwa. Mu 1898 khoti lalikulu la Illinois linalamula kampaniyo kuti igulitse nyumba za m'tauniyo.

Ku migodi ya malasha zinali zoipa kuposa apo. Ku Colorado, mu 1913, anthu okumba malasha ananyanyala ntchito, ndipo kampani yaikulu kumeneko inali Colorado Fuel and Iron ya banja la Rockefeller. Mukamva zina mwa zimene ankapempha, mtima umawawa ndi kuchepa kwake. Ankafuna ufulu wogula m'sitolo iliyonse imene afuna, wosankha okha kogona, wosankha okha dokotala. Ndipo popeza ankalipidwa potengera kulemera kwa malasha amene akumba, ankafuna kusankha munthu wawo woima pasikelo, woti azionetsetsa kuti wa kampani sakuwabera. Atangonyanyala anatulutsidwa m'nyumba za kampani, n'kukakhala m'matenti pamalo otchedwa Ludlow. Pa 20 April 1914 asilikali ndi alonda a kampani anaukira msasawo n'kuutentha. Amayi awiri ndi ana 11 anafera m'dzenje limene anabisalamo pansi pa tenti.

Munthu woima pasikelo uja musamuiwale, tikumana nayenso.

Izi sizinathere m'mbiri yakale. Bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO, m'lipoti lake la mu 2022, linati anthu 27.6 miliyoni anali pa ntchito yokakamizidwa mu 2021, ndipo 3.3 miliyoni mwa iwo anali ana. Mu 2024 bungwe lomwelo linati phindu lakuba lochokera m'ntchito yotereyi limafika madola 236 biliyoni pachaka. Ngongole ndi imodzi mwa njira zazikulu zogwirira anthuwa. Ku India ntchito yomangidwa ndi ngongole anailetsa ndi lamulo mu 1976, ku Pakistan mu 1992, koma m'mauvuni a njerwa a maiko amenewa mabanja athunthu akuumbabe njerwa kulipira ndalama imene anapatsidwiratu poyamba. Ena mwa inu munamvapo za Iqbal Masih, mnyamata wa ku Pakistan amene anaperekedwa kwa mwini fakitale yoluka makapeti ali ndi zaka zinayi, chifukwa cha ngongole ya marupi 600. Anagwira ntchito zaka, ngongoleyo m'malo motsika inakwera kufika m'masauzande. Anathawa, anayamba kuyankhulira ana anzake, ndipo anawomberedwa mu April 1995 ali ndi zaka 12. Pamenepo n'kuti buku la mayi Butler lisanathe n'komwe zaka ziwiri lili pamsika.

Abale anga, ife a kuno nkhani ya Emery sitifunika womasulira. Makolo athu a ku mapiri a Shire anaidziwa m'nthawi ya thangata, pamene munthu ankalipira malo okhala pa esiteti ya mzungu ndi thukuta lake, miyezi yogwira ntchito ikuwerengedwa ndi mwini esitetiyo. Madandaulo a anthu a pa esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero anali pakati penipeni pa kuukira kwa John Chilembwe mu January 1915. Thangata anatha cha m'ma 1962, koma m'minda ya fodya munakula m'bale wake, utenanti.

Amene munakhalako ku Kasungu, ku Mchinji, ku Mzimba kapena ku Rumphi mukudziwa mmene zimayendera. Lole imapita ku Mulanje, ku Phalombe, ku Thyolo, ku Machinga, kumene malo olima anachepa kalekale. Bambo amakwera ndi mkazi wake, ana, mphasa ndi mapoto. Palibe womukankha. Kwawo nkhokwe ilibe kanthu, ndipo wamva kuti kumeneko chimanga chilipo. Ulendo wa loleyo ndiye mzere woyamba m'buku la bwana. Kenako phoso, chimanga cha mwezi ndi mwezi, nthawi zina ndi kamchere. Feteleza. Khasu. Mapepala apulasitiki. Mwana akadwala malungo, ndalama ya kuchipatala imalowanso momwemo. Kuyambira kunazale mpaka kuwokera, kupalira, kubandira, kuthyola, kusoka, kupachika m'chigafa, banja lonse lili m'munda, ndi ana omwe, chifukwa munda umene bambo wapatsidwa sungatheke ndi manja awiri. Ana amenewo amagwira fodya wamuwisi wonyowa ndi mame, chikonga n'kumalowa pakhungu, madzulo mutu ukuwawa, akusanza. Miyezi yonseyi m'thumba mulibe ndi tambala yemwe.

Ndiye limafika tsiku lowerengera. Fodya wauma, wasankhidwa. Woika giredi ndi bwana kapena kapitawo wake. Sikelo ndi ya bwana. Mtengo pa kilogalamu wanena ndi bwana. Buku latsegulidwa patebulo, tenanti waima chapatali chipewa chili m'manja, ndipo mwina kuwerenga sadziwa. Amva mndandanda wa zimene anadya chaka chonse, pa mitengo imene sanauzidwe pa tsiku lotenga. Zikachotsedwa, ena amatsala ndi kandalama kogula nsalu ndi njinga yakale. Ena amatsala opanda kanthu. Ena amauzidwa kuti, "Mwatsala ndi ngongole, mulimenso chaka chino kuti mubweze." Ndipo ngakhale ataloledwa kupita, ndalama ya basi yobwerera ku Phalombe aitenga kuti? Chimene ankapempha anthu a ku Colorado chija, munthu wawo woima pasikelo, tenanti wa ku Kasungu sanakhale nacho.

Malamulo athu sanakhale chete pa zimenezi. Gawo 27 la malamulo oyendetsera dziko la Malawi limaletsa ukapolo, ntchito yokakamiza, ndiponso ntchito yomangirira munthu mofanana ndi ukapolo. Mu 2015 kunabwera lamulo lolimbana ndi kuzembetsa anthu. Mu November 2019 dziko la America linayamba kugwira fodya wa ku Malawi pamadoko ake ponena kuti amalimidwa ndi ntchito yokakamiza komanso ya ana, ndipo makampani ogula anachita kupereka umboni kuti aloledwenso. Mu 2020 maloya a Leigh Day ku London anasumira makampani a British American Tobacco ndi Imperial Brands m'malo mwa alimi a utenanti zikwizikwi a ku Malawi ndi ana awo. Makampaniwo anakana mlanduwo. Ndipo mu 2021 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la ntchito n'kuthetsa utenanti. Ndi chinthu chachikulu, ndipo amene anachimenyera nkhondo zaka zambiri, a mabungwe a antchito ndi a mipingo, ayenera kuthokozedwa. Koma lamulo likalembedwa ku Lilongwe silifika lokha pa chigafa cha kutali ndi msewu. Limafuna woyendera ntchito amene ali ndi njinga yamoto ndi mafuta ake, ndipo limafuna kuti wantchitoyo adziwe kuti lilipo.

Masiku ano lole ija inasanduka ndege. Mu 2024 wailesi ya BBC inaonetsa nkhani ya amayi a ku Malawi amene anapita ku Oman atalonjezedwa ntchito zabwino, n'kukapezeka ali antchito a m'nyumba osaloledwa kutuluka, mapasipoti atalandidwa. Kumeneko kuli dongosolo lotchedwa kafala, limene limamangirira wantchito wochokera kunja kwa bwana amene anamuitanitsa. Mayi akati ndikufuna kubwerera kwathu, yankho limakhala lakuti abweze kaye ndalama zimene bwanayo analipira kwa ejenti. Amayi oposa 50 anathandizidwa kubwerera, ndipo chinawalumikiza ndi gulu la pa WhatsApp. Iwo ananyamuka kuno mwa kufuna kwawo, akuyembekezera ntchito zabwino zija.

N'chifukwa chake ndimakana ndikamva munthu akunena kuti, "Anazifuna okha, anapita okha." Inde anapita okha, monga a Garfield anapita okha ku Olivar. Kupita wekha kumene kuli chakudya, kwanu kulibe, si umbuli. Ndi kulera ana. Mlandu suli pa amene wakwera lole. Uli pa amene anaona njala ya mnzake n'kuiwerengetsa kuti imupindulira zingati.

Ndikudziwa kuti pakati pa omvera pali ena amene ali ndi minda ya fodya, ndipo mwina mtima wayamba kuwawa. Mukuti, "Nanga ine chimanga chimene ndadyetsa banja lonse chaka chathunthu ndisachiwerengere? Feteleza ndinagula ndi ndalama zanga, nanenso ndili ndi ngongole kwa kampani imene ndinasainirana nayo, ndipo ku okushoni mtengo sindiika ine." Zimenezo n'zoona, ndipo sindikuzipeputsa. Eni minda ambiri si anthu olemera. Nawonso amaima pamaso pa buku la wina, giredi ya fodya wawo ikunenedwa ndi wogula. Ngongole payokha si ukapolo. Tonsefe timakongola, kugolosale, kubanki mkhonde, kwa achibale. Kusiyana kwake kuli apa: amene wakongola kubanki mkhonde amadziwa kuti watenga zingati, adzabweza zingati, liti, ndipo buku limawerengedwa pamaso pa gulu. Akhoza kukagwira ganyu kulikonse kuti abweze. Koma ngongole ikakhala yoti kukula kwake akudziwa ndi mwini yekha, yoti sungaibweze ndi ntchito ya kwina koma ya kwa iye yekha, yoti ntchito yako amaiika mtengo ndi iye yemweyo, yoti imagwera mkazi ndi ana, pamenepo yasanduka chinthu china. Pangano la United Nations la mu 1956 linaika ngongole yotereyi m'gulu limodzi ndi ukapolo, ndipo linatchula zizindikiro zomwezi: ntchito ya munthu siwerengeredwa mwachilungamo pochotsera ngongole, ndipo kutalika kwa ntchitoyo kulibe malire odziwika.

Kulemera kwa katunduyu kumatsika kuchokera pamwamba. Kampani ya ndudu ifinya wogula masamba, wogula masamba afinya mwini munda, mwini munda afinya wantchito, wantchito alibe wofinya koma mwana wake amene wamuchotsa kusukulu. Choncho kungolamula mwini munda kuti azilipira mwezi ndi mwezi, pamene iye ndalama amaiona msika ukatsegulidwa cha mu April, sikukwanira. Makampani amene amasainirana ndi alimi amapereka kale feteleza ndi mbewu pangongole nyengo isanayambe. Ngati angathe kuwerengetsa matumba a feteleza a munda uliwonse, angathenso kuwerengetsa malipiro a anthu olima mundawo, kuwaika m'mtengo wa fodya, ndi kuonetsetsa kuti akufika m'manja mwa wantchito mwezi uliwonse, ndalama yeniyeni, osati chimanga cholembedwa m'buku. Masiku ano ndalama imatumizidwa pafoni mpaka kumudzi, ndipo imasiya umboni.

Kwa inu amene mukuganiza zokwera lole chaka chino, kapena mwana wanu wauzidwa za ntchito ya kunja, pali zinthu zoti mufunse musananyamuke, ndipo kufunsa si mwano. Ulendowu alipira ndani, ndipo kodi udzachotsedwa pa malipiro? Malipiro ndi angati pamwezi, ndipo azibwera tsiku liti? Chakudya n'chaulere kapena chikulembedwa, ndipo ngati chikulembedwa, pa mtengo wanji? Ndikafuna kusiya pakati pa chaka, chidzachitike n'chiyani? Mayankhowo alembedwe papepala, m'chiyankhulo chimene mukumva, pepala lina litsale kwa m'bale wanu kapena kwa amfumu. Gulani kope lanulanu, muzilemba chilichonse chimene mwatenga pa tsiku limene mwatengalo, ndipo ngati kulemba kumakuvutani, mwana wa sukulu akulembereni, kapitawo asainire. Chiphaso chanu cha unzika ndi pasipoti zikhale m'thumba mwanu. Bwana akafuna, ajambule. Wolemba ntchito wachilungamo mafunso amenewa sadzakwiya nawo. Amene wakwiya, wakuuzani kale zimene mukakumane nazo.

Ndipo ngati muli kale pamalo pamene akukuuzani kuti simungachoke chifukwa cha ngongole, dziwani kuti m'Malawi muno palibe lamulo lopatsa bwana mphamvu yotsekera munthu pantchito chifukwa cha ngongole. Ngati akuti muli naye ngongole, njira yake ndi ya kukhoti, osati kukugwirani inu kapena ana anu. Ofesi ya zantchito ili paboma lililonse, ndipo nkhani yotsekereza munthu kapena kugwiritsa ntchito ana ndi ya kupolisi. Ngati simungathe kufikako nokha, tumani mawu kudzera kwa abusa, kwa shehe, kwa aphunzitsi kapena kwa alangizi a zaumoyo amene amafika kuderako.